Mgodi wa m'Chala cha a Ngozo

Felesita anawaona koyamba a Ngozo pamzere wa kukiliniki, Lachiwiri lina m'mawa mu February, ndipo chimene chinamugwira maso si nkhope yawo ayi, koma mapazi. Lakumanzere linali mu nsapato yakuda yopolishidwa mpaka kuwala. Lakumanja linali mu jombo ya kumgodi yodulidwa kutsogolo ndi mpeni, ndipo pabowopo panasuzumira chala chachikulu, chofiira psuu, chonenepa ngati kachewere. Nsapato inzake ya yakuda ija anaipana m'khwapa, kuti anthu adziwe kuti mwini wake ali nazo zonse ziwiri.

Felesita ndi wamanyazi chibadwire. Chimwalirireni mwamuna wake amakhala yekha m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Seraleng, kuno ku Joni, akusoka makatani ndi mayunifolomu, ndipo mwana wake Chiletso, amene amagwira ntchito kuhotela ku Ledig, amabwera akapeza ofu. Kukiliniki ankapitira maondo ake, amene anayamba kulira ngati chitseko chosathira mafuta. Sakanawalankhula bambowo. Koma mayi wina atadutsa ndi chikwama pafupi ndi chala chija, bambowo anakuwa, "Pasopu, mama!" kenako n'kunong'ona okha, "Mayo ine, ndafa chiimire."

Felesita anaseka mosafuna, n'kutseka pakamwa ndi mpango.

"Mwamva Chichewa inu," anatero bambowo akutembenuka thupi lonse koma phazi lili pomwepo. "Kwanu n'kuti, mayi?"

"Ku Balaka."

"Ndiye ndinu aneba. Ine Meshack Ngozo, wa ku Tsangano, ku Ntcheu. Ndikuitaneni ndani?"

"Amake Chiletso."

Mzere usanafike pakhomo anali atamva mbiri yonse osafunsa. A Ngozo anabwera ku Joni mu 1985 ali mnyamata. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anaboola mwala m'migodi ya golide, kenako zina makumi awiri m'migodi ya pulatinamu cha ku Photsaneng. Kumudzi sanapondeko. Mkazi wawo anadikira mpaka anatopa n'kukwatiwa kwina. Mwana amene anamusiya kubere, Violet, tsopano ali ndi ana akeake akuluakulu. Nsapato zakudazo anagula tsiku lopuma pantchito, kuti adzatsike nazo basi pa Ntcheu, koma December aliyense pamapezeka chifukwa: mvula, pasipoti, nkhuku zopanda wosiyira. Chifukwa chenicheni sanachitchule, koma Felesita anachimva ndithu. Tchona wa zaka pafupifupi makumi anayi kutsika basi ndi sutikesi imodzi, anthu a pa Tsangano adzati chiyani?

M'chipinda munali makama awiri olekanitsidwa ndi katani. Felesita anakhala mbali ina akudikira kuti amuone maondo, ndipo mbali inayo sisitala, Mtswana wolankhula msangamsanga, ankawauza a Ngozo zotsatira za magazi, mosakaniza Chitswana ndi Chingerezi.

"Ntate, magazi anu tayeza. Muli ndi gauti."

Munthu aliyense amene anagwirapo mumgodi kuno amadziwa kuti m'Chitswana gauta ndi golide.

"Sisitala, tabwerezani."

"Gauti, ntate. M'magazi muli asidi wina amene akachuluka amauma n'kusanduka timiyala ting'onoting'ono tosongoka ngati singano. Timakhazikika molumikizana mafupa, kawirikawiri kuyambira chala chachikuluchi."

"Timiyala."

"Eya."

"Timanyezimira?"

"Mukationera pa makina, inde."

"Tilipo tambiri?"

"Kwa inu tachuluka kwambiri. Takhala tikuunjikana kwa zaka."

"Khumi ndi zisanu ndi chimodzi," anatero a Ngozo motsitsa, ngati akuyankha pemphero.

Sisitala anatchula zimene zimatichulukitsa: zam'kati, chiwindi, nyama yofiira yambiri, mowa, zakumwa za shuga. A Ngozo anapempha kuti abwereze pang'onopang'ono, ndipo sisitala anasangalala kupeza wodwala womvetsera chotero. Kenako anawapatsa mapiritsi amitundu iwiri: ena oziziritsa ululu ukabuka, ena oti adzayambe kumwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa.

"Amenewa amatsitsa asidi uja. Pang'onopang'ono timiyala tisungunuka, tizituluka ndi mkodzo."

"Ndizitaya kuchimbudzi?"

"Eya, ntate. Mwamvetsa bwino."

Felesita atatuluka anawapeza akumudikira pansi pa mtengo, nkhope ikuwala kuposa nsapato. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuwerama.

"Amake Chiletso, ndinu wakwathu, ndikuuzani nokha. Fumbi lonse lija ndinkapuma pansi silinapite pachabe. Latsikira kuchala. Ndili ndi golide m'thupi, boma latsimikiza."

Felesita anafika Fomu 2, ndipo dzina la matendawa anali ataliwerenga pa chipepala cha pakhoma m'kiliniki momwemo, pansi pa mitundu ya nyamakazi. Mawu anali pakamwa penipeni. Koma anayang'ana imvi zawo, n'kuyang'ana chimwemwe chawo, ndipo chimene chinatuluka chinali chakuti, "Oo."

"Oo" ameneyo anamutsata miyezi isanu.

Zinapezeka kuti nyumba ya a Ngozo inali kuseri kwa njira imene Felesita ankadutsa popita kukagula ulusi, choncho zonse ankaziona. Mapiritsi oziziritsa ululu anawamwa mpaka anatha. Osungunula aja anawatsekera mu nsapato yosavalayo n'kufinyirapo sokosi. Mndandanda wa zakudya zoletsedwa unasanduka mndandanda wokagulira. M'mawa chiwindi, masana nthumbwana, madzulo mutu wa nkhosa ndi botolo la mowa, zonse kwa Armindo, bambo wa ku Tete wootcha nyama pasiteji ya matakisi. Armindo ndiye anali wachiwiri kuuzidwa chinsinsi cha munthu mmodzi chija, ndipo sanaone chifukwa chotsutsira kasitomala wotere.

"Idyani, madala, mgodi ukule," ankatero akuwaonjezera kachidutswa ka impso.

Masana a Ngozo ankakhala pakhomo, phazi lili pa kireti, atalivindikira ndi dengu. Ankati ndi sekyulite. Zoona zake n'zakuti ngakhale mphepo ikakhudza chalacho ankaona nyenyezi. Ntchentche imodzi inalowa pansi pa dengulo tsiku lina n'kutera, ndipo mfuu yake inatulutsa anthu a mumpingo wa Zioni m'tenti yawo.

Mapulani anali okonzeka kale. "Pamalire pa Beitbridge amasecha zikwama, amasecha matumba, ngakhale chipewa amavula," anamuuza Felesita. "Munamvapo kuti asecha chala? Ndidutsa nacho masana dzuwa likuswa mtengo. Ndikafika kwathu, dokotala ang'amba pang'ono, basi, malata pa nyumba ya Violet."

"Oo," anatero Felesita.

Chisanu cha mu June chitafika, ululu unachoka kuchala n'kukwera m'kakolo, kenako m'bondo, kenako m'dzanja lamanja moti supuni inkawagwa. A Ngozo anati mwala wabwino umatero, umayenda, ukautsatira umakutengera kutali. Pambali pa chala panatuluka chotupa cholimba, ndipo tsiku lina chinaphulika n'kutulutsa zinthu zoyera mbee ngati choko chonyowa. Armindo anawerama, n'kukanda m'mutu.

"Madala, golide amene ine ndimamudziwa ndi wachikasu."

A Ngozo anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako maso anatseguka.

"Iwe Armindo, mutu wako uli ngati wa nkhosa zakozo. Ku Photsaneng ndinagwira zaka zingati? Pulatinamu uyu! Golide ali pansi pake."

Lamlungu lina mu July Felesita anawapititsira tiyi m'fulasiki, chifukwa anaona kuti papita masiku atatu utsi osatuluka pakhomopo. Anawapeza ali pa foni, akuonana ndi Violet, foniyo ataikweza m'mwamba kuti phazi lisaoneke.

"Ababa, Mwayi akukwatiwa chaka chamawa mu August," ankatero Violet. Mwayi ndi mwana wake woyamba, ndipo bambo ake anamwalira. "Akuti omulowetsa m'tchalitchi ndi agogo ake. Wakana amalume onse. Akuti akufuna ayende nanu kuchokera pakhomo mpaka kuguwa. Mubwera?"

"Ndibwera, mwana wanga. Ndibwera ndi katundu woti Tsangano yonse iima."

"Katundu ayi, ababa. Mungobwera."

Foni itazima, a Ngozo anati aimirire kuti alandire mlendo mwaulemu. Anagwira chitseko, anadzuka theka, bondo linakana, n'kugwa khu pakati pa kireti ndi dengu. Felesita, ndi maondo ake olirawo, anawadzutsa movutikira. Kuchokera pampando mpaka pachitseko panali mapazi atatu okha, ndipo tchalitchi chilichonse chimene Felesita anachiona n'chachitali kuposa pamenepo.

Lachiwiri lotsatira, sisitala akumupinda bondo, Felesita anafunsa akuyang'ana pansi kuti munthu wa gauti akapanda kumwa mankhwala chimachitika n'chiyani. Sisitala sanabise. Mfundo za mafupa zimadyeka n'kupindika osabwereranso, impso zimatha kuonongeka, ndipo bala lotseguka likalowa tizilombo munthu angathe kutaya chala, mwina phazi. "Koma mwa nyamakazi zonse, iyi ndi imene imamva mankhwala bwino," anatero. "Ndani ameneyo? Bwerani naye."

Felesita anayeserera mawu ake njira yonse, ndipo anafika nawo kwa a Ngozo asanazizire.

"A Ngozo, ndikhululukireni. Tsiku lija ndinali kuseri kwa katani. Sisitala sanati gauta. Anati gauti. Ndi mtundu wa nyamakazi."

A Ngozo anamuyang'ana ngati wawatukwana.

"Nyamakazi? Ine? Amake Chiletso, tamverani dzinalo. Nyama, kazi. Likunena lokha eni ake. Imeneyo ndi yanu ya m'maondoyo. Ndipo gauta ndi gauti kusiyana kwake n'kalemba kamodzi. Atswana amalankhula mothamanga, malemba ena amagwa m'njira."

Felesita anafuna kunena "Oo" n'kunyamuka. Anagwira kale mpango. Koma maso ake anagwera pa nsapato ija ili pawindo, sokosi ikusuzumira, ndipo anakhalanso pansi.

"Malemu amuna anga ankati mwala ukachoka pansi sapita nawo kumsika," anatero. "Amapita nawo kuti kodi?"

Funso limeneli linawachiritsa a Ngozo theka la ola. Anaiwala phazi. Anafotokoza za pulanti, kumene mwala umaphwanyidwa, kuperedwa, kutsukidwa ndi madzi ambirimbiri, zinyalala n'kukatayidwa kumapiri otuwa aja amaoneka kuseri kwa Seraleng. Pa ngolo yathunthu ya mwala, anatero, chuma chenicheni sichidzaza ndi chikhadabo chomwe.

"Ndiye chotupa chanucho, chonsecho ndi chuma?"

"Ayi, n'zosatheka. Zambiri ndi zinyalala. Mwala uliwonse umatero."

"Nanga golide, piritsi lingamusungunule?"

A Ngozo anaseka mpaka kutsokomola. "Golide wagona pansi chiyambire Nowa, madzi akumudutsa, osasintha. Ndiye kapiritsi kochepa kuposa nyemba?"

"Ndiye mukuopa chiyani?" anatero Felesita. "Chimene chisungunuke ndi zinyalala. Chimene chitsale ndi chanu. Mukufuna kuvutika kudutsa Beitbridge mutasenza mwala wosatsuka?"

Kunja kunadutsa takisi ikuliza hutala. A Ngozo anayang'ana phazi, anayang'ana nsapato, anayang'ana Felesita.

"Amake Chiletso, inu mumakhala chete chonchi muli ndi mutu wa manijala?"

M'mawa mwake anapita kukiliniki pa wilibala ya Armindo yonyamulira makala, atakhala pa katoni, phazi lili patsogolo ngati mfuti, akulamula anthu kuti apatuke. Sisitala anatsuka bala, anayezanso magazi ndi impso, anakalipa zokwanira miyezi isanu, n'kutaya mapiritsi a mu nsapato aja chifukwa ankanunkha polishi. Anawayambitsa ena pa mlingo wochepa, woti azikweza akamayeza magazi, pamodzi ndi oteteza ululu. Anawachenjeza kuti miyezi yoyamba ululu ungathe kubukabe timiyala tikamasuntha, koma asasiye kumwa.

Unabukadi kawiri. Felesita ankawapeza thukuta lili kamukamu, mano ataluma, koma piritsi la tsikulo atamwa. "Musadandaule," ankatero. "Akuphulitsa pansi. Ndi shifiti ya m'mawa."

Za nthumbwana ndi mowa zinatha mosavuta, Felesita atangofunsa ngati pulanti ikadzaza amapitiriza kuthiramo mwala. Madzi ankamwa botolo lalikulu patsiku, poti pulanti yopanda madzi siyenda. Amene anadwala ndi Armindo. Kwa sabata ziwiri sankamupatsa moni Felesita, ndipo kenako anayamba kuika kabichi ndi tomato pambali pa mitu ya nkhosa, akudandaula kuti mgodi uwu eni masheya sakuonapo kanthu.

Bala litapola, sisitala anati ayambe kuyenda. Felesita nayenso anali atauzidwa kalekale kuti maondo ake amafuna kuyenda ndi kulimbitsa minofu ya ntchafu, osati kukhalira makina osokera tsiku lonse, koma ankachita manyazi kuzungulira bwalo yekha ngati wosokonekera. Tsopano ankazungulira awiri m'mawa uliwonse, wina akutsimphinira kumanja, wina kumanzere, moti akayenda moyandikana ankagundana mapewa pa sitepe iliyonse yachiwiri.

"Matenda athu ndi osiyana," ankamukumbutsa a Ngozo. "Anuwo, sisitala anati ndi kutha kwa mafupa, ngati matayala. Angawa ndi a chuma."

"Inde, a Ngozo."

Lamlungu lililonse ankayeza chotupa chija ndi kaulusi kamene Felesita anawapatsa, n'kumanga mfundo. Mfundo zinkayandikirana. Poyamba ankanyadira kuti pulanti ikugwira bwino. Pofika Isitala anasiya kunyadira. Ankangoyeza, n'kudina ndi chala kufunafuna polimba, n'kupinda kaulusiko mwakachetechete.

Mu July, chaka chitakwana, Felesita anawapeza atakhala pakhomo popanda kireti, popanda dengu. Mapazi onse awiri anali mu nsapato zakuda. Yakumanja inkawala kuposa inzake, chifukwa inali isanapondepo fumbi.

"Yalowa," anatero Felesita.

"Yalowa." Sanamwetulire. "Ndadinadina paliponse. Mwatsala fupa lokhalokha. Ngakhale kambewu kampiru, amake Chiletso. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi pansi pa nthaka, ndipo ndikatsike pa Ntcheu ndi sutikesi ndi mapiritsi." Anayamba kumasula chingwe cha nsapato. "Mwina ndidikire December. August kumakhala mphepo."

Felesita anamva "Oo" akukwera pakhosi, ndipo anamumeza.

"Ine ndinalipo tsiku la foni lija," anatero. "Ndinamva zonse. Mwayi sanaitanitse malata. Anaitanitsa miyendo iwiri yoti iyende naye kuchokera pakhomo mpaka kuguwa. Chaka chatha munalibe. Lero muli nayo. Mangani chingwecho."

Anadzidzimuka yekha ndi mawu akewo moti anapepesa kawiri. A Ngozo anayang'ana chingwe chili m'dzanja lawo. Kenako anachimanga, mfundo ziwiri, n'kuimirira osagwira chitseko. Anayenda mpaka pampanda n'kubwerera, n'kupitanso, nsapato yatsopano ikulira kwichi kwichi.

"Tchalitchi cha kwathu n'chachitali ngati kuchoka pano kukafika pa mpope paja," anatero. "Tiyeni tiyese. Inu mukhale Mwayi."

Anayenda mpaka pa mpope, Felesita nkhope ili pansi, amayi otunga madzi akuimba nthungululu zachipongwe.

Ananyamuka Lachinayi loyamba la August. Felesita anawaperekeza kusiteji kumene amakwerera takisi yopita ku Johannesburg, kokakwera basi ya kumudzi. M'thumba la jekete munali kalata ya sisitala yokapereka kuchipatala cha kwawo ndi mapiritsi a miyezi itatu, ndipo Felesita anawakumbutsa katatu kuti mankhwalawa sasiya ngakhale ululu utatha, apo ayi timiyala tibwerera. Anawakumbutsanso kuti paukwati pamakhala chiwindi. Iwo anamupatsa jumbo, ndipo m'kati mwake munali jombo yodulidwa ija. Anati adzalemo tsabola, madzi azitulukira pabowo.

Armindo anali asanatsegule malo ake. A Ngozo anakwera okha, osathandizidwa, n'kukhala pawindo. Takisi itayamba kusuntha anagogoda galasi, n'kulitsegula movutikira, n'kutulutsa mutu. Felesita anayandikira, osadziwa kuti amva zotani.

"Amake Chiletso," ananong'ona, akuyang'ana uku ndi uku. "Armindo akafunsa, musamuuze kuti munalibe kanthu. Mumuuze kuti mgodi tautseka kaye, mitengo yatsika."